Anamwino amene anayenda khomo ndi khomo ku Fukushima

Pa 15 Malichi 2011, patangopita masiku anayi chichitikire chivomezi ndi mafunde a tsunami ku Japan, akuluakulu a tawuni ya Miharu anagawa mapiritsi a ayodini kwa anthu osakwana zaka 40, osadikira lamulo lochokera ku Tokyo. Nyumba za makina pasiteshoni ya magetsi a nyukiliya ya Fukushima Daiichi zinali zikuphulika, ndipo panali mantha kuti mphepo ibweretsa poizoni wake m'tawuniyo. Mapiritsiwo amateteza chithokomiro. Pakati pa amene anasenza ntchitoyi panali anamwino oyendera anthu m'madera, omwe kumeneko amawatcha hokenshi.

Masiku abwinobwino, anamwino amenewa amayeza makanda, amalangiza amayi oyembekezera, amazonda okalamba. Ngozi itagwa, anthu oposa 160,000 anachoka m'makomo mwawo, ndipo anamwino ambiri a m'matawuni a m'mbali mwa nyanja nawonso anali othawa. Usiku ankagona m'maholo a sukulu limodzi ndi odwala awo, kukacha n'kumafunsa munthu mmodzimmodzi kuti mankhwala a shuga kapena a BP anawasiya kuti.

Chimene chinapha anthu ambiri pambuyo pake si cheza cha nyukiliya ayi. Ndi kusamuka. M'chigawo cha Fukushima, anthu oposa 2,000 anamwalira chifukwa cha mavuto a kumalo othawirako, kuposa amene anaphedwa ndi chivomezi ndi madzi. Nkhalamba yomwe inazolowera kulawirira kumunda inapezeka ikungobindikira m'kanyumba kongoyembekezera, miyendo n'kuyamba kufooka. Matenda a shuga anachuluka, abambo ena anayamba kumwa mowa mwauchidakwa, ena anadzipha. Zoterezi makina oyezera cheza sangazione. Amaziona ndi munthu amene wagogoda pachitseko, wakhala pansi, waona kuti chakudya cha dzulo chidakali m'mbale.

Koma nkhani ya cheza nayonso sakanaithawa, ngakhale ambiri mwa iwo sanaiphunzire mozama kusukulu. Amayi ankafunsa ngati kuyamwitsa kulibe vuto, ngati ana angasewere panja, ngati zovala angayanike padzuwa. Boma linali litataya chikhulupiriro cha anthu, choncho kungoyankha kuti "musadandaule" kunali kuwonjezera mkwiyo.

M'mudzi wa Kawauchi, umene unalengeza mu Januwale 2012 kuti anthu ayambe kubwerera, yunivesite ya Nagasaki inatsegula ofesi mu 2013 n'kuikapo namwino wokhala konko. Iye ankapita kunyumba ya munthu ndi makina, kuyeza pabwalo, m'chipinda ndi kudimba, kenako n'kufotokoza tanthauzo la nambala iliyonse. Anthu ankabweretsa bowa ndi ndiwo za m'phiri kuti ziyezedwe. Kuyambira Epulo 2012, malire a cesium (chinthu chotulutsa cheza) m'zakudya wamba ku Japan ndi mabecquerel (muyeso wa cheza) 100 pa kilogalamu. Masamba olimidwa m'dimba nthawi zambiri ankakhala pansi pa malirewo, pamene bowa wa m'tchire ndi nyama ya nguluwe zinkapitirira. Gogo akamva za bowa wake weniweni, wochokera kuphiri lomwe amalidziwa, ankasankha yekha chochita. Ine ndikuona kuti ulemu umenewu ndiwo unabwezeretsa mitima ya anthu m'malo kuposa zikalata zonse za akatswiri.

Panalinso makolo a ana opitirira 300,000 amene anaitanidwa kuti ayezedwe chithokomiro kuyambira Okutobala 2011. Kakalata konena kuti mwana wapezeka ndi kachotupa kakang'ono, ngakhale kosaopsa, kankagonetsa mayi m'maso usiku wonse, ndipo ambiri ankathamangira kwa namwino wa m'dera kuti awamasulire.

Ntchitoyi sinathe. Gawo lalikulu la mudzi wa Iitate linatsegulidwanso mu Malichi 2017, gawo lina la tawuni ya Futaba mu Ogasiti 2022, koma obwerera ndi ochepa, ambiri mwa iwo okalamba. Ena ambiri anamwazikana m'mizinda ngati Iwaki ndi Koriyama, ndipo anamwino a matawuni awo akale amawalondola komweko.