Gofu: m'mera mpoyamba

Inu okonda gofu, kodi simunatope kusakasaka mpira m'tchire anzanu akukudikirani kutsogolo? Mipira ya gofu njodula, ndipo kutaya itatu Loweruka lililonse thumba limalira. Koma musathamangire kukagula ndodo zatsopano ayi. Kawirikawiri vuto limayambira pomwe mukungoyamba kubweza ndodo m'mbuyo, isanafike ndi m'chiuno momwe.

Ambiri amayamba ndi manja okha. Ena amanyamula ndodo ngati nkhwangwa yowazira nkhuni, ena amapotoza manja n'kuikokera kuseri kwa miyendo. Ikatero, potsika imadzera kunja n'kucheka mpira cham'mbali, ndiye kwa wamanjamanja mpirawo umakhotera kumanja, uyo m'tchire!

Mankhwala ake ndi awa. Mukaima pampira, onani kuti mapewa ndi mikono yanu zapanga mafuwa atatu: phewa ili, phewa ilo, ndi manja pansi. Poyamba, zonsezi ziyendere limodzi, chifuwa ndicho chitembenuke, manja azingotsatira. Mutu wa ndodo uyambe chokwawa, pafupi ndi udzu. Jack Nicklaus, yemwe adapambana mipikisano ikuluikulu 18 pakati pa 1962 ndi 1986, ankalimbikitsa kayambidwe komweka: modekha, thupi ndi ndodo pamodzi.

Mudziwa bwanji kuti zikuyenda? Imani ndodo ikafika m'chiuno, itagona chopingasa. Ikhale yolingana ndi mzere wopita komwe mukufuna kumenyera. Mnzanu ataima kumbuyo kwanu aone mutu wa ndodo utaphimba manja anu. Nkhope ya ndodo iweramire pansi pang'ono monga mwaweramira inuyo, osati kuyang'ana kumwamba.

Yeserani izi pakhomo. Choyamba, gwirani ndodo chapakati, nsonga ya chigwiriro igunde pamchombo, kenaka tembenukani pang'onopang'ono. Ikachoka pamchombo msanga, dziwani kuti manja atsogola. Chachiwiri, ikani mpira wina kuseri kwa mutu wa ndodo ndipo muukankhe chammbuyo poyamba. Ukagubuduka molunjika ndi mofatsa, zili bwino. Ukathamanga, mwafulumira. Ukatsala pomwepo, ndiye kuti mwanyamula ndodo.

Chinanso, musafinye ndodo ngati mukulimbirana ndi wakuba. Manja akauma, mapewa nawo amauma.

Mphindi khumi tsiku lililonse, popanda n'kumenya mpira komwe, n'zokwanira. Masiku oyamba zizioneka zachilendo, koma musabwerere kuzakale. Piririrani, abale, mipira ija iyamba kubwerera nanu kunyumba.