Kufufuza zofunika pa pulogalamu ya kompyuta

Kufufuza zofunika pa pulogalamu ya kompyuta, komwe m'Chingerezi amati requirements engineering, ndi ntchito yofunsa, kulemba ndi kutsimikizira zimene pulogalamu iyenera kuchita isanapangidwe. Ntchitoyi imapitirira ngakhale pulogalamu itayamba kugwiritsidwa ntchito, chifukwa zofuna za eni ake zimasintha. Mu 1981, Barry Boehm anasonyeza m'buku lake la Software Engineering Economics kuti cholakwika chimadya ndalama zambiri chikapezeka pulogalamu itatuluka kale kusiyana ndi pamene chikadali papepala. Ndondomeko yodziwika padziko lonse ya ntchitoyi ndi ISO/IEC/IEEE 29148, yomwe inatuluka mu 2011 n'kukonzedwanso mu 2018.

Mitundu ya zofunika

Zofunika zimagawidwa pawiri. Zina zimanena chimene pulogalamu ichite, monga kuwerengera malipiro. Zina zimanena mmene ichitire: liwiro lake, chitetezo cha zosungidwamo, chilankhulo chake, ndiponso ngati ingagwire ntchito popanda netiweki. Gulu lachiwirili ndilo limaiwalika kawirikawiri.

Chitsanzo cha minda ya tiyi ku Thyolo

Ku Thyolo kuli maesiteti a tiyi monga Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, Conforzi, Naming'omba ndi Makwasa, komanso alimi ang'onoang'ono ogulitsa masamba awo kumafakitale. Masamba akathyoledwa amayezedwa pa sikelo, ndipo makilogalamuwo amalowa m'chiwerengero cha malipiro. Esiteti itafuna pulogalamu yolowa m'malo mwa kaundula wa kalaliki, pempho lake likhoza kukhala lalifupi: "pulogalamu izilemba kulemera kwa tiyi". Pempho lotere silikwanira.

Wofufuza ayenera kupita poyezera masamba, n'kuona ntchito ikuchitika. Kumeneko mafunso amachuluka. Kodi kulemera kwa dengu kapena thumba kumachotsedwa motani? Masamba onyowa ndi mvula amalemera kwambiri. Ngati pali zochotsera, amagamula ndani, ndipo wothyola amauzidwa bwanji? Nambala ikalembedwa molakwika, ali ndi mphamvu yoisintha ndani: kalaliki, kapitawo kapena manejala? Malamulo otere nthawi zambiri sapezeka m'mabuku a mu ofesi. Amakhala m'mitu mwa ogwira ntchito, ndipo iwo sawatchula chifukwa anawazolowera. Lamulo limodzi likaphonyedwa, pulogalamu imabwereza cholakwikacho tsiku ndi tsiku, ndipo woluza amakhala wothyola kapena mlimi.

Zofuna za anthuwa zimawombananso. Wothyola amafuna umboni wa makilogalamu ake, a fakitale amafuna masamba afike msanga asanayambe kuwonongeka, pomwe owerengera ndalama amafuna kuti pasakhale mpata wachinyengo. Risiti ya aliyense imachedwetsa mzere, makamaka nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, pamene tiyi amaphuka kwambiri. Kusankha chotsogola ndi udindo wa eni ntchito; wofufuza amangoika kusagwirizanako poyera, n'kulemba zimene agwirizana.

Kulemba ndi kutsimikizira

Chofunika cholembedwa bwino chimatheka kuyesedwa. Mawu akuti "pulogalamu ikhale yodalirika" sangayesedwe. Koma akuti "netiweki ikasowa, chipangizo chisunge zonse zoyezedwa tsikulo n'kuzitumiza ikabwerera" angayesedwe pozimitsa netiweki. Zolembazo zimawerengedwa pamaso pa ogwiritsa ntchito, m'chilankhulo chawo, ndipo nthawi zina amapatsidwa chitsanzo cha pulogalamu kuti ayeserere. Magulu otsata njira za Agile, zomwe zinatchuka kuyambira mu 2001, amalemba zofunikazi pang'onopang'ono, n'kumabwerera kwa ogwiritsa ntchito pakapita milungu yochepa.