Nyanja si ya azungu okha: phunziro kwa a zikwama za kumsana

Anthu okhala m'mbali mwa msewu wa M5 adawazolowera. Amatsika minibasi pa Salima, pa Nkhotakota kapena pa Chintheche nkhope zitafiira ndi dzuwa, kumsana atabereka chikwama chotalika ngati mwana wa zaka zisanu, kuphazi kuli patapata. Akafika pamsika amanenerera mtengo wa nthochi kuposa mwini mudzi, ndipo ambiri amadabwa kuti ndi mzungu wanji wokwera matola pamodzi ndi madengu a usipa.

Awa ndi alendo amene pa Chingerezi amatchedwa ma backpacker. Ambiri ndi achinyamata amene adasunga ndalama pang'onopang'ono kwawo, ndipo amafuna kuti ndalamazo ziwayendetse masiku ambiri. N'chifukwa chake sagona m'mahotela apamwamba, sachita hayala galimoto, ndipo amadya zomwe eni dera akudya.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pamene alendowa akuyenda gombe lonse la nyanja ya Malawi, yomwe ndi yotalika makilomita oposa 560, ana ambiri a ku Mchinji, Ntcheu kapena Mzimba amamaliza sukulu atangoiona pa mapu. Makolo awo amaganiza kuti kunyanja n'kwa anthu a ndalama. Komatu akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Nzeru za a zikwamawa banja lililonse likhoza kubwereka.

Nzeru yoyamba ndi ya mayendedwe. Msewu wa M5 umatsata nyanja kudutsa Salima, Nkhotakota, Dwangwa ndi Chintheche mpaka ku Nkhata Bay, ndipo mabasi, maminibasi ndi matola amayendamo. Pamene galimoto yalekezera, kabaza amapitiriza. Munthu woyenda chonchi amalipira mtengo womwewo umene wamalonda a tomato akulipira.

Palinso sitima ya Ilala, yomwe idapangidwa ku Scotland mu 1949, idabwera m'zidutswazidutswa n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo idayamba kuyenda mu 1951. Ikakhala kuti ili bwino, imalumikiza Monkey Bay ndi Chilumba podzera ku Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Malo otchipa ndi apansi, pakati pa matumba a chimanga ndi nsomba zouma. Koma sitimayi ndi nkhalamba, nthawi zina imachedwa kapena kuima kuti ikonzedwe, choncho wanzeru amafunsa kaye kudoko asanalongedze.

Nzeru yachiwiri ndi ya pogona. Ku Cape Maclear, Senga Bay, Kande ndi Nkhata Bay kuli malo ambiri amene amalola mlendo kukhoma tenti yake pamtengo wotsika, kapena kulipira bedi limodzi m'chipinda chogona anthu angapo. Kuseri kwa misika kulinso maresitihausi amene amalonda amagonamo. Banja likhoza kutenga chipinda chimodzi, ana n'kugona pamphasa, bola neti yoteteza ku udzudzu isaiwalike.

Yachitatu ndi ya chakudya. Chambo cha pa hotela ndi cha pagombe chimachokera m'madzi amodzi, kusiyana kwake ndi mtengo basi. Wolawirira m'mamawa asodzi akamakocheza amagula usipa, utaka kapena kampango asanadutse m'manja ambiri. Ufa, mchere, mafuta ophikira ndi kapoto zochokera kunyumba zimapulumutsa ndalama zambiri, ndipo mbaula yobwereka sisowa. Wofika ku Nkhata Bay asabwerere osalawa kondowole wa batala.

Nanga pali zotani zoti munthu aone? Ulendo ungayambire ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe. Derali lili mu Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha mitundu yambirimbiri ya nsomba, makamaka mbuna zamawangamawanga zokhala m'miyala. Mmalawi amalipira ndalama yochepa pachipata poyerekeza ndi mlendo wakunja, choncho chiphaso cha unzika chisatsale.

Pomwepo pali manda a amishoni a Livingstonia amene adafika mu 1875. Malungo atawavutitsa, adasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka mu 1894 Dr Robert Laws adakakhazikitsa mishoni pamwamba pa phiri ku Khondowe. Woyenda kuchokera kumwera kupita kumpoto amakhala akuponda m'mapazi mwawo, ndipo mwana wa sukulu amaona ndi maso zimene amangoloweza m'kalasi.

Ku Nkhotakota kuli mtengo umene anthu amati David Livingstone adakumaniranapo ndi Jumbe mu 1863 pokambirana za malonda a akapolo. Ku Likoma kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe ntchito yomanga idayamba mu 1903. Amene miyendo yawo ili yolimba amatsika pa Chitimba n'kukwera wapansi msewu wa Gorodi, wa makilomita pafupifupi 15 ndi makona okhota kwambiri okwana 20, mpaka ku Livingstonia. Chakumtunda kwa njirayo kuli mathithi a Manchewe. Kuyenda wapansiko n'kwaulere, chofunika ndi madzi akumwa ndi kunyamuka dzuwa lisanakwere.

Koma walira mvula walira matope. Kutchipa kusafike poika moyo pachiswe. Kuyambira cha mu May mpaka August kumaomba mwera, mphepo imene imautsa mafunde akuluakulu mwadzidzidzi. Boti lodzaza mopyola muyeso, kapena lopanda majekete oyandamitsa, ndi lofunika kulikana ngakhale mtengo wake utakoma bwanji. Asodzi akati lero sikolowa, mlendo amvere.

Likodzo nalo lilipo, makamaka m'madzi odekha a m'mabango pafupi ndi midzi, momwe mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta matendawa. Zizindikiro, monga magazi m'mikodzo, zimatha kuoneka patapita masabata angapo. Mankhwala ake, a praziquantel, amapezeka m'zipatala, ndipo ndi bwino banja lonse likayezetse likabwerako. Pamathiriro a mitsinje pamakhala ng'ona ndi mvuu, choncho posamba ndi pamene eni mudzi aloza. Ana asasiyidwe okha m'madzi, ngakhale ofika m'mawondo.

Nthawi yonyamukira nayo ili ndi mtengo wake. Pa Khirisimasi, pa Isitala ndi pa tsiku la anakubala la 15 October, magombe amadzaza ndipo zipinda zimakwera mtengo. Pakati pa sabata, m'masiku wamba, mwini malo amamva zonenerera. Kuonjezera apo, madzi a m'nyanjayi adakwera kwambiri mu 2024 mpaka kumiza magombe ndi malo ena ogona, makamaka ku Mangochi, kotero kuimba foni kaye kufunsa momwe malo alili si kutaya mayunitsi.

Ubwino wina wa ulendo woterewu ndi kumene ndalama zimathera. Kwacha iliyonse imagwera m'manja mwa wakabaza, mayi wogulitsa zitumbuwa, msodzi ndi mnyamata wopalasa bwato, anthu amene mlendo wa hotela yotchingidwa ndi mpanda sakumana nawo kawirikawiri.

Sikuti banja liyenera kumaliza gombe lonse ulendo umodzi ayi. La ku Lilongwe kapena Dowa lingayambe ndi masiku awiri ku Senga Bay, la ku Balaka ku Mangochi, la ku Mzimba ku Chintheche. Ndalama zake zingachokere ku banki m'khonde kapena pa thumba limodzi la mtedza loikidwa padera pokolola. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo mwana wa Mmalawi asamve kukoma kwa nyanja ya kwawo kuchokera pakamwa pa mlendo.