A Goma: kuchoka ku madambo a udzudzu kukakhala mkulu wa UNZA

Kunja kwada kuno kwa Kapichila, ndipo mvula yangokata kumene. Tatcherani khutu, omvera. Kamawu koliralira pafupi ndi khutuko ndi ka udzudzu. Ife timangowomba m'manja n'kukokera neti. Koma boma lomwe lino la Lundazi linabala munthu amene anakhala zaka zambiri akuuyang'anitsitsa udzudzuwo, ndipo ndi iyeyo anadzakhala Mzambia woyamba kuyendetsa yunivesite ya dziko lino.

Tikunena a Lameck Goma, obadwa mu 1930. Anadzera ku sekondale ya Munali ku Lusaka, kenaka Fort Hare ku South Africa, kenaka Cambridge ku England. Zaka zimene zinawaumba kwenikweni anazithera ku Uganda, m'madambo a gumbwa, akutunga madzi n'kuwerenga mphutsi za udzudzu wofalitsa malungo. Ntchito yotopetsa, yamatope. Lero uwerenge, mawa ubwererenso pomwepo, ulembe zomwe waona osati zomwe umafuna kuona. Buku lawo lotchedwa The Mosquito linatuluka mu 1966, chaka chomwe University of Zambia (UNZA) inatsegula zitseko.

Nanga mpando unawapeza bwanji msanga chotero? Pomwe Zambia imalandira ufulu mu 1964, nzika zokhala ndi digiri zinali pafupifupi 100 basi. N'chifukwa chake woyamba kuyendetsa UNZA anali mlendo wa ku Canada, a Douglas Anglin. A Kenneth Kaunda anali Chancellor, koma kulemba aphunzitsi, kusunga ndalama ndi kumva madandaulo a ophunzira inali ntchito ya Vice-Chancellor. Mu 1969 udindowu unagwera a Goma ali ndi zaka 39. Kumudzi kuno, wa msinkhu umenewo pabwalo la milandu amayamba wamvetsera akuluakulu asanatsegule pakamwa!

Mpandowo unali wotentha. Kuchiyambi kwa 1976 ophunzira anatsutsana ndi boma pa nkhondo ya ku Angola, yunivesite inatsekedwa, ndipo aphunzitsi ena anatsekeredwa. Chaka chomwecho a Goma analowa m'boma ngati nduna ya zamaphunziro, ndipo pambuyo pake anadzakhala nduna yoona za maiko akunja.

Mwana wa kwa Kapichila akapeza malo ku UNZA lero, amapeza timaiwe m'mbali mwa msewu wa Great East, pomwe ophunzira amakhala pansi pa mitengo ndi mabuku awo. Amatitcha Goma Lakes. Madzi ake ndi odikha, amtundu womwe uja eni dzinalo ankagwada n'kutunga kuti aone chomwe chikusambiramo.