Mlato wa ku Sydney ndi Anthu Okhala Pansi Pace

Mlendo amene afika ku Sydney, mzinda waukuru wa m'dziko la Australia, safunsa kumene kuli mlato wa pa doko. Uoneka patali: citsulo copindika ngati uta, coyambira tsidya lino kufikira tsidya lija, popanda mzati ngakhale umodzi m'madzi.

Owerenga amene anaolokapo mtsinje wa Save ku Zimbabwe pa mlato wa Birchenough anaona kale mng'ono wace. Ralph Freeman, mmisiri amene anajambula mapulani a Birchenough, ndiye anakonzanso mapulani a mlato wa ku Sydney, ndipo yonse iwiri inamangidwa ndi kampani ya Dorman Long ya ku Middlesbrough, ku Mangalande. Uta wa Birchenough, umene unatha mu 1935, ngwotalika mapazi 1,080. Wa ku Sydney ngwotalika mapazi 1,650, ndipo nsonga yace iri mapazi 440 pamwamba pa madzi.

Nchito inayamba mu 1923 moyang'aniridwa ndi John Bradfield, injiniya wa Boma la New South Wales. Amisiri anamanga uta kucokera ku magombe onse awiri, mbali iri yonse itakokedwa ndi zingwe zacitsulo kuti ingagwere m'madzi, kufikira mbalizo zinakumana pakati mu August 1930. Asanalole anthu kuolokapo, anaimikapo mitu ya sitima 96 kuti ayese mphamvu yace.

Tsiku lotsegulira, pa 19 March 1932, panacitika zodabwitsa. Jack Lang, Nduna Yaikuru ya New South Wales, ali pafupi kudula riboni, Francis de Groot, wa gulu lodana naye, anatulukira pa kavalo nadula riboniyo ndi lupanga. Apolisi anamgwira, riboni inamangidwanso, ndipo Lang anaidula kaciwiri.

Lero pa mlatowu payenda magalimoto, sitima ndi njinga, ndipo kum'mawa kwace kuli njira ya oyenda pansi yosalipira. Kuyambira mu 1998 alendo olimba mtima amalipira kuti akwere pamwamba pa uta, atamangidwa cingwe m'cuuno.

Koma wofuna kudziwa mtengo weni-weni wa mlato ayambe wayenda pansi pace. Kumwera kuli dera lochedwa The Rocks, la tinjira topanikiza ndi nyumba zakale zamiyala. Dzikoli linali la anthu a pfuko la Gadigal, kufikira mu 1788 pamene zombo za Angerezi zinatula akaidi pa gombeli. Pambuyo pace munakhala amalinyero ndi onyamula katundu pa doko, anthu osauka. Mu 1900 munagwa mliri wofala ndi makoswe, ndipo Boma linatenga malowo ndi kugwetsa nyumba zambiri. Pomanga misewu yolowera pa mlato, mabanja mazana-mazana a tsidya lino ndi tsidya lija anacotsedwa. Eni nyumba analipidwa, koma okhala m'nyumba za lendi ambiri anacoka cimanja-manja. Ndiponso amuna 16 anafera pa nchito yomangayo.

Nyumba zimene alendo azijambula lero zinapulumuka mobvutikira. Boma litafuna kugwetsa The Rocks kuti limange nyumba zazitali zamaofesi, anthu a m'deralo anapempha thandizo kwa bungwe la anchito omanga lotsogozedwa ndi Jack Mundey. Anchitowo anakana kugwira nyundo. Mu 1973 Mundey ndi anzace anagwidwa ndi apolisi pa mkanganowo, koma potsiriza Boma linasintha maganizo, ndipo deralo linatsala.

Woolokera kumpoto atsikira pa Milsons Point. Pamalo pamene amisiri ankadulira zitsulo za mlato pali Luna Park, bwalo la zosangalatsa limene linatsegulidwa mu 1935. Pafupi pompo pali Kirribilli, kumene kuli nyumba ya ku Sydney ya Nduna Yaikuru ya Australia. Poima pa gombe limeneli munthu aona bwino Opera House, nyumba ya nyimbo ya madenga oyera ngati matanga a ngalawa, imene inatsegulidwa mu 1973.

Eni nthaka oyamba aja anadikira nthawi yaitari kuti mlato uwakumbuke. Pa 28 May 2000 anthu pafupi-fupi 250,000 anaoloka mlatowu wapansi, kusonyeza kuti afuna ciyanjano pakati pa Aaborijini ndi anthu ena onse a m'Australia. Kuyambira mu 2022 mbendera ya Aaborijini, yakuda, yofiira ndi yacikasu, iuluka masiku onse pansonga pa uta, pambali pa mbendera ya dzikolo. Mlendo woyenda m'tinjira ta The Rocks akakweza maso angathe kuziona zonse ziwiri.