Madzi akamatsika m'dziwe: ndi dzuwa kapena mng'alu?

Mwezi wa Okutobala ukafika, madzi m'dziwe losambiramo amatsika tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri timangoti ndi dzuwa, n'kutsegula mpopi. Nthawi zina ndi dzuwadi. Koma dziwe la mamita 8 m'litali ndi 4 m'lifupi likatsika ndi sentimita imodzi yokha, malita 320 apita. Amenewo ndi zidebe 16 za malita 20. Abale athu amene ankasamalira maiwe a mabwana ku Cape Town m'chaka cha 2018 akukumbukira chilala chimene munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Sentimita imodziyo ikanakwanira anthu asanu ndi mmodzi.

Si mabanja ambiri mwa ife ali ndi dziwe losambiramo, komabe thanki ya simenti yosungira madzi ndi dziwe la ubatizo ku tchalitchi zimachucha mofananamo, ndipo kafufuzidwe kake n'kamodzi.

Chimene chimatidetsa nkhawa ife azaumoyo n'kumene madziwo akupita. Ena amalowa pansi n'kumafewetsa dothi la maziko mpaka khoma kuyamba kung'aluka. Ena amatuluka pamtunda n'kupanga zithaphwi pamalo owala dzuwa, ndipo m'menemo ndi m'mene udzudzu wofalitsa malungo umakonda kuikira mazira. Kukatentha, dzira limasanduka udzudzu wouluka m'masabata awiri kapena osakwana. Komanso madzi owonjezera tsiku lililonse amasungunula klorini, motero ana amasambira m'madzi amene mphamvu yake yopha tizilombo yachepa.

Tisanaitane mmisiri, tiyese ndi ndowa. Tidzaze ndowa ndi madzi a m'dziwemo, tiikemo mwala kuti isayandame, ndipo tiikhazike pa sitepe kuti madzi a m'kati alingane ndi akunja. Tilembe chizindikiro mbali zonse ziwiri, tizimitse pampu, ndipo pasalowe munthu kwa maola 24. Dzuwa ndi mphepo sizisankha: zimaumitsa ndowa ndi dziwe mofanana. Ngati zonse zatsika chimodzimodzi, palibe vuto. Ngati dziwe latsika kuposa ndowa, penapake pakuchucha. Mvula ikagwa m'maolawo, kapena galu akamwamo, tiyambirenso.

Kenaka tibwereze pampu ikuyenda. Madzi akamatsika kwambiri nthawi imeneyi, tikayikire mapaipi obwezera madzi m'dziwe, chifukwa ndi amene pampu imakankhiramo mwamphamvu. Tionenso paipi yotayira madzi otsukira sefa. Labala ya m'vavu ikatha, madzi amathawira kumeneko mwakachetechete. Kutsika kukakhala kofanana pampu ili chizimire kapena ikuyenda, vuto nthawi zambiri lili pakhoma kapena pansi pa dziwe.

Madzi eniakewo amalozanso malo. Tikawasiya atsike kwa masiku angapo, amaima pamzere wa bowo. Akaima pakamwa pokokera zinyalala, kapena pa nyale ya m'madzi, tiyang'ane pomwepo, pakuti pamene pulasitiki yakumana ndi simenti ndi pamene pamayamba kulekana. Titenge utoto wothira m'makeke, tiuike mu sirinji yopanda singano, ndipo madzi atadekha tiufinyire pang'onopang'ono pafupi ndi mng'alu. Ngati pakuchucha, utotowo umakokedwa ngati ulusi kulowa momwemo. Magetsi onse a padziwe akhale atazimitsidwa pa switchi yaikulu tisanayandikire nyale.

Mng'alu waung'ono timamata ndi epoxy putty, phala la mitundu iwiri limene timakanda pamodzi m'manja ndipo limauma ngakhale m'madzi. Tiyambe tapala ndere ndi pulasitala wofumbutuka, apo ayi sigwira. Paipi ya PVC yosweka timadula mbali yowonongeka n'kulumikiza chidutswa chatsopano ndi guluu wake, paipiyo ili youma. Mng'alu wautali umene ukukulirakulira, kapena paipi yokwiririka pansi pa simenti, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wokhala ndi zida zopimira mphamvu ya madzi m'mapaipi. Kupaka penti pamwamba pa mng'alu wotere, kunena zoona, n'kutaya ndalama.

Ena amafulumira kukhuthula madzi onse kuti aone bwino. M'nyengo ya dzinja zimenezi n'zoopsa: madzi a m'nthaka akakwera amatha kukankha dziwe lopanda kanthu kuchokera pansi mpaka kulisweratu. Ndipo dziwe lotsika theka limavuta kutulukamo, makamaka kwa mwana wamng'ono amene sangafikire m'mphepete. Masiku onse a ntchitoyi chipata chikhale chokhoma, ndipo wolowa m'madzi kukamata akhale ndi mnzake pamtunda. Tikatha kumata, ndowa ija ibwerere pa sitepe kwa maola ena 24.