Chipinda chimodzi chisakudanitseni ndi aneba

Chilimwe chikafika malokeshoni athu sakhala chete. Uku akuotcha njerwa, uko lole ikutsitsa mchenga, kwinaku mmisiri wakoka kale chingwe. Ambiri mwa anthu amenewa sakumanga nyumba yatsopano ayi, akungophatikiza: chipinda cha ana amene akula, kahokala koyang'ana kumsewu, kapena boyizikota yoti ana a ku koleji azilipirapo lendi. Palibe cholakwika pamenepo. Pa kalembera wa 2018 mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu pafupifupi 990,000 ndipo Blantyre inali ndi oposa 800,000. Anthu tikuchulukana koma puloti sikula.

Nkhani imavuta khoma latsopanolo likafika pampanda penipeni. Abale anzanga, m'madera amene anakonzedwa ndi a mapulani, mwini puloti amayenera kusiya mpata pakati pa khoma la nyumba ndi malire ake, kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo komwe. Mamita ake amasiyana, a kumayadi si ofanana ndi a m'malokeshoni, ndipo amene angakuuzeni chenicheni ndi a ofesi ya mapulani ku khonsolo yanu, osati mmisiri. Mmisiri akamaliza ntchito alandira zake n'kupita. Wotsala ndi mlandu ndinu.

Ena amati mpatawo ndi malo ongowonongeka. Ine ndikuti ayi. Denga lanu likathera pampanda, mvula yonse ya Januwale ikuthira pakhoma la mnzanu, ndipo ngati njerwa zake n'zosaotcha nyumbayo sichedwa kugwa. Moto ukabuka pamene nyumba zagundana, ozimitsa alowera pati? Mu 1666 moto unapsereza nyumba zoposa 13,000 mu mzinda wa London, kumene nyumba zamatabwa zinali zothinana m'timisewu ting'onoting'ono. Kuno kwathu tawaona misika ikupsa mwa njira yomweyo. Nanga chimbudzi chikadzaza, galimoto yopopa idutsa pati? Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitika chimbudzi chikayandikana ndi chitsime. Kutsogolo nako n'kumene kumadutsa ngalande, mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi. Mukaikapo hokala, tsiku lokuza msewu mudzalira nokha.

Komatu si mapuloti onse amene anadulidwa bwino. Ena ndi opendekera, ena ali pakona, ena ali ndi thanthwe kapena chigwembe. Munthu wotere akatsata muyezo ndendende ndiye kuti sadzawonjezeranso kanthu. N'chifukwa chake pali khomo lopempherapo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, limafuna kuti womanga m'dera la mapulani atenge kaye chilolezo, ndipo kuwonjezera nyumba nakonso ndi kumanga. Pempholo limaunikidwa ndi komiti ya mapulani, imene ingavomere, ingakane, kapena ingavomere koma ndi mfundo zoti mutsate. Ikakana, lamulo limapereka mwayi wochita apilo. Ikapeza kuti mwamanga mwakuba, khonsolo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchito ngakhalenso kugwetsa.

Khomo limeneli ndinagogodapo ndekha. Mayi anga atayamba kudwaladwala tinawatenga kumudzi kuti akhale pafupi ndi chipatala, ndipo simungagoneke mayi wokubalani pabalaza mpaka kalekale. Kumbuyo kwa puloti yanga kuli thanthwe loti kuliphwanya kungadye ndalama zoposa za chipinda chenichenicho. Malo okhawo anali m'mbali, moyandikana ndi aneba.

Ndinayamba ndi anebawo, ofesi pambuyo. Ndinawaitana, tinayenda limodzi pamalopo, ndinawaonetsa pamene khoma lidzathere. Iwo nkhawa yawo inali pawiri: madzi a padenga, ndi zenera loyang'ana kubafa kwawo. Tinagwirizana, ndipo anandilembera kalata yoti alibe chotsutsa. Kenaka ndinapeza wojambula mapulani wodziwa ntchito, amene anajambula puloti yonse ndi malire ake, nyumba imene ilipo, thanthwe lija ndi chipinda chofunikacho. Ndinaphatikiza mapepala a puloti ndi kalata yofotokoza chifukwa chake. M'kalatamo sindinalembe za umphawi wanga, pakuti amphawi tilipo ambiri. Ndinalemba za thanthwe, chinthu choti aliyense angabwere kudzachiona ndi maso.

Zotsatira zake? Sanandipatse zonse. Analola chipinda chocheperako, anati mbali ya aneba kusakhale zenera, ndipo denga likhale ndi gatala yobwezera madzi kwanga. Mayi akugona m'chipinda chawo, ine ndi aneba timabwerekanabe wilibala.

Koma ndisakunamizeni kuti zinayenda ngati madzi. Ndinapita ku ofesiko kanayi. Ulendo wina fayilo yasowa, ulendo wina abwana ali ku msonkhano. Panapezekanso wina pakhonde wondinong'oneza kuti zinthu zimafulumira ukaponya ya fanta. Ndinakana, n'kupempha lisiti ya ndalama iliyonse imene ndinalipira. Tsono taganizirani mayi wogulitsa tomato pamsika, amene tsiku limodzi losagulitsa ndiye kuti ana agona ndi njala. Angathe maulendo anayi? N'zosadabwitsa kuti ambiri amangomanga usiku n'kumapemphera.

Apa m'pamene ndikufuna makhonsolo athu amve. Matani pakhoma, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, mamita ofunika m'dera lililonse, mapepala ofunika ndi mitengo yake. Wopempha muuzeni tsiku limene komiti ikumane. Mukakana, lembani chifukwa papepala kuti munthu adziwe chokonza kapena chokachitira apilo. Ndipo muyezo ukhale umodzi. Anthu akamaona nyumba yosanja ya munthu wolemera itatsamira pamsewu popanda woifunsa, pamene kahokala ka mayi wamasiye kalembedwa chizindikiro chofiira, amaleka kukhulupirira lamulo. Demokalase imene tinaivotera mu 1993 sinali yoti chilolezo chizigulidwa pakhonde.

Inunso ana a sukulu amene mukuchita lendi m'maboyizikota, nkhaniyi ndi yanu. Tikachipinda topanda zenera, togundana ndi chimbudzi, timene mumalipira ndalama zambirimbiri, timabadwa pamene landilodi wadya mpata wonse. Musanapereke ya miyezi itatu, zungulirani kaye kuseri muone ngati munthu angadutseko.

Kwa anzanga a geni amene mwasunga kale matumba a simenti, mawu anga ndi awa: safunsa anadya phula. Kambani ndi aneba, jambulitsani pulani, kapempheni, ndipo yankho mulandire lolembedwa. Kudikira komiti n'kowawa, koma simenti ikauma sibwereranso m'thumba, ndipo neba amene mwamuthira madzi pakhoma lero ndi yemweyo adzathamange ndi ndowa nyumba yanu ikadzagwira moto.